Chaka Chimene Tinadula Malalanje a ku Chikomeni

Ana anga, za ubwana wanga ndi za kusukulu mwazimva kambirimbiri, ndiye sindizibwereza. Pano ndikufuna ndikusiyireni mbiri ya ntchito imene ndinagwira mpaka imvi kumera, ntchito ya ulangizi wa zipatso. Ndikulemba m'Chinyanja chifukwa Chitumbuka chanu, inu okhala m'tauni tsopano, chimathera pa moni.

Ku Magodi, nditangomaliza maphunziro

Ananditumiza ku Magodi ndili mtsikana, katundu wanga ali njinga, sutikesi imodzi ndi kampeni komezanitsira mitengo kamene anatipatsa kukoleji. Bwana wanga woyamba anali a Lungu, munthu wamtali, wokonda kuseka, amene ankakhulupirira kuti ulimi ndi chimanga, fodya ndi mtedza, zina zonse ndi masewera. Tsiku limene ndinakaonekera ku ofesi yathu ya pa boma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka.

"Manje iwe NyaZimba, wakhala pa sukulu zaka zonsezi kuti uzikabyala mango? Mango imamela yokha, ngakhale kuseli kwa chimbuzi."

Ndinawayankha mwaulemu kuti mango omera okha ndi aang'ono, odzaza ulusi, ndipo amapsa onse nthawi imodzi n'kuwolera pansi. Ndinawafotokozera kuti ukadula kanthambi ka mtengo wabwino n'kukalumikiza pa mbande ya mtengo wamba, umapeza mtengo wolimba, wobereka msanga, wa zipatso zoti munthu n'kupita nazo kumsika. Anamvetsera akugwedeza mwendo. Sanali munthu woipa ayi. Anandipezera kamalo m'mbali mwa dambo n'kunena kuti ndizichitapo zimene ndikufuna, bola nthawi ya fodya ikafika ndizithandiza anzanga.

Ku Magodi n'kwa ng'ombe. Mbande zanga zoyamba zinadyedwa ndi ng'ombe za mwini dimba loyandikana nalo, zachiwiri zinapita ndi mbuzi. Ndinaphunzira mochedwa kuti mlangizi wa zipatso amayamba ndi mpanda, mitengo pambuyo. Nditatchinga ndi minga ndi nkhadze, vuto linakhala zipangizo. Machubu odzalamo mbande ankabwera kamodzi pa chaka, chaka china osabwera n'komwe. Ndinayamba kuyenda kuseri kwa magolosale kutolera mapepala a shuga ndi a mchere, zitini zakale, chilichonse chimene chikanasunga dothi. Amayi a pamsika ankaseka kuti mlangizi wa boma wasanduka wotola zinyalala, koma patapita nthawi iwo omwewo anayamba kundisungira mapepalawo, atawatsuka kale. Tepi yomangira pomezanitsa inalibe, ndiye ndinkang'amba mapepala a buledi kukhala timizeremizere. Ankagwira bwino kuposa tepiyo, ndipo mpaka lero ndimagwiritsa omwewo.

Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi atate anu. Anali mphunzitsi pa sukulu ya pafupi, ndipo tsiku lina anabwera kunazale kwanga kudzapempha mbande imodzi ya ndimu. Ndinawapatsa. Patangopita masabata ochepa anabweranso, nkhope ili yachisoni, ati yauma. Ndinawapatsa ina, ndikuwalangiza za kathiriridwe. Nayonso akuti inauma. Zitachitika kangapo ndinakwiya, n'kukwera njinga kuti ndikaone dothi lotha mitengo chonchi. Nditafika kuseri kwa nyumba yawo ndinapeza mandimu anga onse ali ndondondo pamzere, obiriwira, othiriridwa bwino. Atate anu anangoima pakhomo akukanda m'mutu. Chaka chotsatira tinakwatirana.

Ku Chikomeni, zaka za malalanje

Atandisamutsira ku Chikomeni ndinali nditabereka awiri mwa inu. Kumeneko kuli chigwa chimene kamtsinje kake sikaphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo nditachiona koyamba ndinadziwa kuti malalanje ndi manachesi angachite bwino. Ndinabwera ndi mitengo yanga ingapo ya malalanje yochokera ku Magodi, n'kuidzala panazale yatsopano kuti ndizidulako nthambi zomezanitsira. Mitengo imeneyo ndinkaitcha amayi a chigwa, chifukwa mtengo uliwonse wa lalanje umene unadzadzalidwa kumeneko unachokera kwa iyo.

Bwana wanga tsopano anali a Tembo, munthu wofatsa, waukhondo, wokonda zionetsero ndi alendo. Iwo sankanyoza zipatso ngati a Lungu, koma njinga yamoto imene anandipatsa inkakhala miyezi yopanda mafuta, moti nkhuku zathu zinayamba kuikira mazira pansi pake. Ndinabwerera ku njinga yanga yopalasa.

Anthu a m'chigwa poyamba ankandimvetsera mwaulemu n'kubwerera ku fodya wawo. Woyamba kundikhulupirira anali a Jere, bambo wachingoni woweta ng'ombe, wa mawu aakulu, amene sankavomera chinthu asanakangane nacho. Anabwera kunazale, nayendayenda manja ali kumbuyo, n'kunena kuti mbande zanga n'zoonda ndipo mayenje amene ndikuuza anthu kukumba ndi aakulu ngati manda. Atatha kunyoza zonse anatumiza ngolo kudzatenga mbande zodzaza munda wonse. Anakumba mayenje aja monga ndinanenera, nathiramo manyowa a m'khola, ndipo mitengo yawo itayamba kubereka nthambi zinkachita kuchirikizidwa ndi mphanda. Anthu ataona ogula akubwera kuchokera pa boma ndi ku Chipata, aliyense anafuna mbande. Pa zaka zimenezo nyumba za malata zinachuluka m'chigwamo, ana ambiri anapita ku sekondale, ndipo nthawi yozizira ikafika kamsewu kopita kumsewu waukulu kankadzaza njinga zonyamula madengu a malalanje. Ine ndikamadutsa, anthu ankandiimitsa n'kundiikira zipatso pa kaliyala, moti inu munadya malalanje mpaka kuyamba kuwakana.

Maluwa anayamba mwangozi. Panali mayi wina wamasiye, NyaMwale, woimba kwaya, wamanja osakhazikika. Mwana wa mlongo wake akukwatiwa, anaitanitsa maluwa kuchokera ku Chipata, koma basi inawonongeka panjira ndipo maluwawo anafika atafota ngati ndiwo zofutsa. Mkwatibwi analowa m'tchalitchi atanyamula apulasitiki. NyaMwale zinamupweteka kwambiri, ndipo ukwati utatha anabwera kwathu kudzafunsa ngati dothi lobereka malalanje lingakane maluwa. Za maluwa ndinaphunzira pang'ono chabe kukoleji, koma ndinapita ku mishoni ina kumene kunali dimba lakale, n'kupempha timitengo ta rozi ndi mizu ya akakombo oyera. Ndinabwera nazo nditazikulunga m'chitenje chonyowa. Tinadzala kumapeto kwa dimba lake, ndipo amayi ena anayi kapena asanu anatengako.

Azibambo anaseka mpaka misozi. A Jere anaima pa mpanda wa NyaMwale n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve: "Mulamu, maluwa yamene aya tizadyela chani, mchele kapena tomato?" NyaMwale anawayankha kuti adzawadyera pa maliro awo, popeza nkhata adzawalukira ndi iyeyo. Anaseka onse, a Jere omwe.

Pang'ono ndi pang'ono mbiri inafika pa boma kuti ku Chikomeni kuli maluwa amoyo. Amayiwo ankadula m'mamawa dzuwa lisanatuluke, n'kuika m'ndowa za madzi, kuphimba ndi masaka onyowa, kenako ulendo wa kumsewu kukadikira minibasi. Ankagulidwa pa maukwati, pa zilangizo za akwatibwi, pa maliro ndi pa masiku aakulu a m'matchalitchi. Sankabweretsa zambiri ngati malalanje, koma sopo, mchere ndi yunifomu zinkachokera m'ndowa zimenezo.

Chaka chimene masamba anachita chikasu

Ndinayamba kuziona pa mitengo ya a Jere, kenako pa amayi a chigwa aja panazale panga. Masamba ankachita mawangamawanga achikasu, zipatso zinkakula mopendekeka, mbali ina osapsa, ndipo zinkagwa zisanakhwime. Ukalawa unkachita kulavula. Ndinaganiza kuti dothi latopa, tinathira manyowa ndi feteleza, koma sizinasinthe. Ndinapempha kuti kubwere katswiri wa matenda a mitengo, ndipo atayenda m'minda ya kumtunda kwa chigwa anandiitanira pambali. Anandiuza kuti matendawa alibe mankhwala, amafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyamwa masamba anthete, ndipo njira ndi imodzi yokha: kudula mitengo yonse yodwala, kuitentha, kudikira, n'kudzayambanso ndi mbande zopanda matenda. Anati minda ya kumunsi ikadali bwino, koma mvula ikagwa mitengo n'kuphuka, tizilombo tidzatsikira komweko.

Ndinapita kwa a Tembo ndi nkhaniyi. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kunali chionetsero cha zaulimi chimene chinkayandikira, ndipo alendo akuluakulu anali atauzidwa kale kuti adzaona minda ya malalanje ya ku Chikomeni. Ndiye anandiuza chinthu china chimene sindinkachidziwa: dzina langa linali litavomerezedwa kuti ndikwezedwe, ndipite ku Chipata.

"Mayi Ngoma," anatero, potchula dzina la atate anu, "palibe amene akuti mubise. Ningoti yembekezani chionetselo chipite. Imwe muyende ku Chipata, wobwela pambuyo panu azaona chochita."

Kunyumba atate anu atamva za Chipata anasangalala, ndipo sindikuwaimba mlandu. Kunali magetsi, madzi a m'mipope, sukulu zabwino za inu. Inenso ndinkafuna. Ndinali nditatopa ndi njinga, ndipo ndinkadziwa kuti mwayi wotere kwa mkazi sunkabwera kawiri. Koma ndikaganiza za munthu wachilendo ataima pamaso pa a Jere n'kuwauza kuti adule mitengo yawo, ndinkadziwa kuti palibe angamumvere, ndipo pofika nthawi imeneyo mvula ikanakhala itagwa. Mitengo ya kumunsi inali ya mabanja achinyamata amene anali atangoyamba kuthyola. Ndinakhala masiku angapo osadya bwino. Pomaliza ndinauza atate anu kuti sindipita. Iwo anangofunsa ngati nkhwangwa yathu ili yakuthwa.

Nditakawauza a Tembo, sanakalipe. Anangonena kuti ndaganiza ndekha, ndipo anavalanso magalasi awo.

Msonkhano tinachitira pabwalo la tchalitchi, Lamlungu mapemphero atatha. Ndinanyamula nthambi yodwala ndi lalanje lopendekeka, ndinafotokoza zonse monga katswiri uja ananenera. Sindinaonepo anthu a m'chigwa atakwiya chonchija. Wina anati ndikufuna kugulitsa mbande zatsopano. Wina anati mitengo yake ikuberekabe, ndiye adule bwanji chinthu chimene chikudyetsa ana. Mayi wina analira, chifukwa munda wake anaudzala ndi malemu mwamuna wake. Zonse zimene ankanena za kuwawa kwake zinali zoona. A Jere, amene munda wawo unali waukulu komanso wodwala kuposa yonse, anadikira mpaka phokoso litatha. Ndiye anaimirira ndi ndodo yawo.

"NyaZimba, yanu ija ya panazale nayo idwala?"

"Idwala, adada."

"Yambani yanu. Ise tizaona."

M'mawa mwake tinapita kunazale ndi atate anu. Anthu anali atafika kale, ataima kunja kwa mpanda. Mitengo imeneyo ndinaimezanitsa ndi manja anga ku Magodi ndisanabereke aliyense wa inu, ndinainyamula pa lole ndikuitchinga ndi thupi langa kuti mphepo isaithyole. Nkhwangwa yoyamba ndinamenya ndine. Inangodumpha pakhungwa, koma yachiwiri inalowa. Atate anu anandithandiza yotsalayo, ndipo NyaMwale analowa osaitanidwa n'kuyamba kukoka nthambi kupita nazo pamoto. Pofika masana nazale inali mbee, zitsa zokhazokha. Ndinazula ngakhale mbande zonse za m'machubu. Sindinalire pamaso pa anthu. Ndinakalirira kubafa.

Sabata yomweyo mabanja angapo anadula. Ena anadikira a Jere. Patapita masiku ndithu tinaona utsi ukukwera kumunda kwawo. Anadula okha ndi ana awo, ndipo anatumiza uthenga kuti ine ndisapondeko. Panali ochepa amene anakaniratu, ndipo sindikanawakakamiza. Mitengo yawo inauma yokha m'zaka ziwiri zitatu zotsatira, koma poti yambiri yodwala inali itachoka, ndipo tinkapopera mankhwala ophera tizilombo tija m'malire, minda yambiri ya kumunsi inapulumuka.

Alendo a chionetsero anabwerabe. A Tembo anayenda nawo pakati pa zitsa nkhope ili pansi. Koma NyaMwale ndi anzake anali atakongoletsa chisakasa cha alendo ndi rozi ndi akakombo kuyambira pakhomo mpaka patebulo, ndipo mkulu wa alendowo, mayi wina wonenepa wansangala, anathera nthawi yake yonse m'dimba la maluwa akufunsa kadulidwe kake. Anabwerera ndi ndowa yodzaza m'galimoto. Nkhani ya kukwezedwa kwanga sinatchulidwenso, ndipo ndinadzapuma ntchito ndili pa udindo womwewo umene ndinayambira.

Zaka za zitsa

Zaka zotsatirazo zinali zovuta kumtunda kwa chigwa, koma sizinali zanjala. Tinadzala mapapaya, nthochi ndi magwafa, zimene sizichedwa, ndipo maluwa amene ankasekedwa aja anasanduka chuma cha mabanja ambiri. Azibambo anayamba kuthirira rozi, poyamba m'mamawa kwambiri kuti anzawo asawaone, kenako masana poyera. Ndinamvapo awiri akukangana pa chigayo za mtundu wa rozi umene umachedwa kufota, aliyense akulumbira ngati akunena za ng'ombe.

A Jere anasiya kundilankhula. Tikakumana m'njira ankapatsa moni atate anu, kufunsa za ana ndi za kusukulu, ine n'kundidumpha ngati chitsa. Zinkandiwawa, chifukwa ndinkawatenga ngati bambo anga. Komabe akazi awo anadzala rozi pakati pa zitsa za malalanje, ndipo tsiku lina NyaMwale anabwera kwathu akuseka mpaka kugwira khoma. Anali atakumana ndi ngolo ya a Jere ikupita kumsewu, katundu ataphimbidwa ndi masaka. Atafunsa chimene anyamula, iwo anati ndi mbatata. Mphepo inakweza saka, ndipo mbatatazo zinali zofiira, zonunkhira, zili m'ndowa.

Nthawi itakwana ndinakatenga nthambi zopanda matenda kutali, ku malo ofufuzira za mbewu, n'kuyambanso nazale. Machubu analibe ngati kale, koma tsopano chigwa chonse chinkanditolera mapepala. Mbande zoyamba zitakonzeka, akazi a a Jere anabwera kudzatenga zambiri. Anati abambo sanawatume, koma mayenje anali atakumbidwa kale.

Ku Mwase Lundazi, nditapuma

Ndinapuma ntchito mitengo yatsopanoyo itangoyamba kubereka pang'ono, ndipo tinabwera kuno ku Mwase Lundazi kumene atate anu anamanga. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kanazale kanga, kongosangalatsa manja. NyaMwale amandiimbira foni kawirikawiri. Masiku ano maluwa amawaitanitsa pa foni, ndipo mdzukulu wake amawajambula n'kutumiza zithunzi kwa ogula asanadulidwe n'komwe.

Chaka china nthawi yozizira, ndikusenda mtedza pakhonde, ndinamva odi wa mawu aakulu amene sindikanawasokoneza ndi a munthu wina. Anali a Jere, atakalamba, atawerama, jekete lili lalikulu kuposa thupi. Kondakitala wa minibasi anawatsitsira dengu pageti. Ndinathamanga kukatenga mpando, ndinagwada kuwapatsa moni wa Chitumbuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chidulireni mitengo ija anandiyankha ine mwini, akundiyang'ana kumaso. Anafunsa za inu mmodzimmodzi, maina onse akuwakumbukira. Kenako analoza dengu lija ndi ndodo.

"Malalanje yanu ayo. Siyafika pa yakale yaja, koma idyani."

Ndinasenda limodzi. Linali lolemera, lamadzi, lotsekemera mpaka kukhosi. Ndinawauza kuti awa aposa akale.

"Mwana wanga, yakale yaja munayaiwala. Ine nimayakumbuka."

Ndinawasendera lawo, anadya, natenganso lina okha. Za msonkhano wa patchalitchi sanatchule, inenso sindinatchule. Tinangokangana za malalanje, za mayenje, za mtundu wa ndimu woyenera kumezanitsapo, mpaka minibasi yomaliza inadutsa ife tikadali pakhonde. Atate anu anawakonzera pogona m'chipinda cha alendo.

M'mawa anayendera kanazale kanga manja ali kumbuyo. Anaima pa mbande za kotapela, mapeyala aja, n'kunena kuti n'zoonda, sizingagwire, ndipo munthu wa zaka zawo alibe nazo ntchito. Anatenga zonse zimene zikanakwana m'dengu lija. Mvula itagwa uthenga unafika kudzera kwa NyaMwale kuti zagwira, palibe yauma, koma a Jere ati ndidziwe kuti n'chifukwa cha dothi la ku Chikomeni, osati dzanja langa. Ndinamuuza NyaMwale akawauze kuti ndamva, ndipo sindikutsutsa.